Kusintha oyilo ndi kubulida shoko ya kumbuyo ya njinga yamoto ya m'tchire

Pali funso limene landitopetsa kuyankha. Munthu amabwera n'kunena kuti, "Oyilo ndasintha, silu (labala wotsekera oyilo kuti asadonthe) ndaika yatsopano, gasi ndapopa, koma kumbuyo njinga ikungodumpha monga kale. Kodi andigulitsa silu yabodza?" Nthawi zambiri silu imakhala ilibe mlandu. Chimavuta ndi mpweya umene watsalira mu oyilo. Kumasula shoko n'kuimanganso angathe aliyense wodziwa kugwira sipanala. Pogona nkhani ndi pa kubulida, kutulutsa mpweya wonse m'kati, ndipo m'pamene ambiri amathamangirapo. Ndalemba zonse kamodzi, ndipo tikafika pamenepo ndichedwapo dala.

Shoko imene ndikunena

Ndikunena shoko yaikulu imodzi ija ya pakati pa njinga za motocross ndi enduro, yokhala ndi kabotolo ka gasi pambali. Za KYB ndi za Showa, zimene zimapezeka pa Yamaha YZ, Honda CRF, Kawasaki KX ndi Suzuki RM-Z, m'kabotolomo mumakhala bladder, kathumba ka labala kolekanitsa gasi ndi oyilo. Malangizo ano ndi a mtundu umenewo. Mashoko ambiri a WP, a pa KTM aja, ndiponso a Öhlins, m'malo mwa bladder amakhala ndi pisitoni yoyandama. Ndinenapo pang'ono kutsogoloku. Koma mashoko owonda awiriawiri a njinga zoyendera m'tauni, ambiri ndi omatiratu kufakitale. Amenewo akatha n'kugula ena basi. Musawacheke, musawaboole.

Kuti mumvetse chifukwa chake mpweya uli mdani, onani zimene zimachitika m'kati. M'thupi la shoko muli pisitoni ya mamilimita 46 kapena 50 m'mimba mwake, yomangidwa kunsonga kwa shafiti. Mabowo a pisitoniyo amatsekedwa ndi mashimu, timawashala tachitsulo topyapyala tosanjikizana. Gudumu likagunda mwala, oyilo amakankha mashimuwo mpaka apindike pang'ono, n'kudutsa mopanikizika, ndipo kupanikizikako ndiko kumameza mphamvu ya bampu. Tsono shafiti ikamalowa imafuna malo ake. Ya mamilimita 16 ikalowa masentimita 13 imasuntha oyilo pafupifupi mamililita 26, ndipo oyilo ameneyo amathawira m'kabotolo n'kukafinya bladder. Gasi wa m'bladder alinso ndi ntchito ina: amapanikiza oyilo nthawi zonse kuti asachite thovu kumbuyo kwa pisitoni ikamathamanga. N'chimodzimodzi botolo la chakumwa cha gasi. Likakhala chitsekere simuona kanthu, mukangolitsegula thovu limatumphuka.

Oyilo safinyika, pamene mpweya umafinyika. Choncho kathovu kalikonse kotsalira m'kati kamapatsa pisitoni mpata woyenda popanda choigwira.

Ochita mpikisano nthawi zambiri amalangizidwa kuti azitsegula shoko njinga ikayenda maola a pakati pa 20 ndi 40. Wokwera mwa apo ndi apo angachite kamodzi pachaka. Koma musadikire kalendala ngati shafiti yayamba kunyowa oyilo, ngati kumbuyo kumayamba bwino kenako n'kumadumpha shoko ikatentha, kapena ngati mukutembenuza ma clicker, timasikulu tosinthira kulimba kwa shoko, koma osamva kusintha kulikonse.

Zofunika kukhala nazo

Vayisi yokhala ndi zotchingira zofewa za aluminiyamu kapena thabwa, hamala ya labala, sikuludiraiva yaing'ono, kachitsulo kosongoka kotukulira sekilipu (kawaya kozungulira kogwira zitsekerero), tupa, sipanala yoyezera kulimba kwa nati, kapampu ka pamanja kokhala ndi geji, tochi, nsanza zosathothoka ulusi, ndi buku la njinga yanuyo. Gulani seal head (chitsekerero chimene shafiti imadutsamo) yatsopano kapena masilu ake, bladder yatsopano ngati yakale yakhalitsa, ndi lita imodzi ya oyilo wa shoko. Oyilo ameneyu ndi wopepuka kwambiri, wa 2.5W kapena 3W, monga KYB K2C kapena Showa SS25, ndipo amapangidwa kuti asasinthe kwambiri akatentha. Wa injini sayenera, wa giyabokosi sayenera. Ngakhale wa mafoko akutsogolo si wofanana naye, chifukwa mafoko satentha mmene imatenthera shoko imene yatsekeredwa pafupi ndi injini ndi ekizozi.

Valani magalasi oteteza maso kuyambira pachiyambi mpaka pomaliza. M'kabotolomo muli pulesha ya mabaa 10 (baa ndi muyezo wa pulesha), kuposa kanayi ya m'tayala la galimoto yaing'ono, ndipo chivindikiro chake chikafwamphuka sichisankha pogwera.

1. Lembani zonse musanamasule kanthu

Tsukani shoko ndi malo ozungulira. Kenako werengani ma clicker, timasikulu tosinthira kulimba kwa shoko. Ka rebound, koletsa shoko kubwerera msanga, kamakhala pansi pafupi ndi bawuti ya linkage, tizitsulo tolumikiza shoko ku mkono wogwira gudumu la kumbuyo. Ka compression, koletsa kulowa msanga, kamakhala pamwamba pafupi ndi kabotolo. Tembenuzani kalikonse kulowa m'kati pang'onopang'ono mukuwerenga kulira kwake mpaka kataima, n'kulemba nambalayo. Kakaima musakakamize, mungaphwanye nsonga ya singano ya m'kati. Nati yaikulu yozungulira ka compression ndi ya mabampu obwera mwadzidzidzi. Pa mashoko ambiri iyo silira, mumawerenga kuzungulira kwake. Yezaninso kutalika kwa sipuling'i ili chimangire.

2. Chotsani shoko ndi sipuling'i

Ikani njinga pa sitandi kuti gudumu la kumbuyo lilendewere, n'kuliikira thabwa pansi kuti lisagwe mukazula bawuti. Poti mwafika kale pamenepo, gwedezani mabering'i a linkage ndi a diso lapamwamba la shoko. Akakhala ndi mpata amachititsa njinga kumveka ngati shoko yafa pamene ili bwinobwino.

Panani shoko mu vayisi pa diso lapamwambalo, shafiti iloze m'mwamba. Musapane thupi lozungulira, limapindika mosaoneka ndipo pisitoni imayamba kukakamira. Masulani mphete ziwiri zomangira sipuling'i mpaka ikhwepe, chotsani mbale yoigwira kunsonga, sipuling'i ituluke.

3. Tsegulani ma clicker, kenako tulutsani gasi

Muzitsatane motero, osatembenuza. Singano ya rebound imabwerera m'mbuyo chifukwa chokankhidwa ndi pulesha ya oyilo. Mukayamba kutulutsa gasi, sikulu idzamasuka koma singano ikhoza kutsala pomwepo yotseka, ndipo idzakuvutitsani pobulida. Ndiye masulani ma clicker onse mpaka kumapeto, kenako dinani valavu ya pa kabotolo mutailozetsa kutali ndi nkhope.

Mvetserani mmene gasiyo akutulukira. Akatuluka wouma ndi mphamvu, bladder ili moyo. Akatuluka ndi oyilo, yaphulika. Kukangomveka kampweya kofooka, gasi anatha kale, mwina kudzera pa valavu, ndipo shoko yakhala ikumenya thovu nthawi yonseyi. Zulani kamtima ka valavu kuti mutsimikize kuti simunatsale kanthu.

4. Tulutsani bladder

Kankhirani chivindikiro cha kabotolo m'kati pang'ono, pogwiritsa ntchito soketi yophimba valavu kuti isathyoke, mpaka sekilipu ionekere. Sekilipu ndi kawaya kozungulira kokhala m'kangalande. Itukuleni mosamala osakanda khoma, kenako kokani chivindikiro pamodzi ndi bladder mukugwedeza uku ndi uku. Ikakhala ndi ming'alu, youma, kapena yopindika moti siibwerera, tayani.

5. Tulutsani shafiti

Pakamwa pa thupi la shoko pali chivindikiro chachitsulo chongokhomera. Chigogodeni mozungulira pang'onopang'ono mpaka chizuke. Pansi pake pali seal head, chitsekerero chimene shafiti imadutsamo, chokhala ndi silu ya oyilo, silu ya fumbi ndi bushi. Ikankhireni pansi mpaka sekilipu yake ionekere, n'kuichotsa.

Musanakoke, pitirizani chala m'mphepete mwa kangalande ka sekilipu. Nthawi zambiri pamakhala kamlomo kakuthwa kobwera chifukwa cha kugundagunda. Kasalazeni ndi sandipepala wosalala kwambiri, apo ayi kadzang'amba lamba wa pisitoni potuluka, kapena labala wa seal head yatsopano polowa. Mukatero kokani shafiti mukuigwedeza. Ikani nsanza pakamwa, pakuti imatuluka mwadzidzidzi ndi oyilo wake.

6. Onani zimene oyilo akukuuzani

Khuthulirani oyilo m'chitini choyera. Wakuda wonunkha kupsa ndi wokhalitsa chabe. Wotuwa wonyezimira akusonyeza kuti chikopa cholimba cha m'kati mwa thupi chaperepeseka ndipo pisitoni yayamba kudya aluminiyamu. Unikani ndi tochi. Mukaona malo oyera operepeseka, oyilo watsopano adzada msanga, ndipo shoko idzafooka ikatentha ngakhale mubulide bwino chotani.

Pitirizani chikhadabo pa shafiti yonse. Pamene chakodwa, silu yatsopano idzang'ambikira pomwepo. Onaninso labala wonenepa wa kunsonga amene shoko imagundapo ikalowa yonse. Akayamba kunyenyeka, musinthe. Tsukani zonse ndi mankhwala otsukira mabuleki, ziume.

7. Kusintha seal head

Ngati shoko siimadontha ndipo mukungosintha oyilo, dumphani gawo lino. Ngati imadontha, pisitoni iyenera kuchoka kuti seal head ivuuke, ndipo apa m'pofunika dzanja lodekha.

Nsonga ya shafiti imakhala yophwanyidwa dala kufakitale kuti nati isamasuke. Mukaimasula mokakamiza mudzapha mazinga. Palani ndi tupa m'mphepete mwa nsongayo mpaka pophwanyidwapo pathe. Palani kunja kokha. Pa mashoko ena, makamaka a Showa, kuphwanya kwa m'kati ndiko kumagwira kachitsulo ka njira ya rebound, ndipo mukapala nsonga yonse kuti ikhale yathyathyathya, kachitsuloko kadzazuka njinga ikuyenda.

Nati ikachoka, vuulani zonse pamodzi n'kuzitunga pa waya momwe zinalili. Mashimu a mbali ya nati ndi a rebound, a mbali ya shafiti ndi a compression, ndipo pisitoni ili ndi nkhope ziwiri zosiyana. Kusokoneza shimu imodzi yokha kumasintha khalidwe la njinga yonse. Jambulani ndi foni musanawapukute. Povala seal head yatsopano, phimbani mazinga ndi phewa la shafiti ndi kachipewa kake kopangidwira ntchitoyi, kapena tepi yopyapyala yopakidwa oyilo, kuti mlomo wa silu usachekeke. Bwezerani mashimu, onetsetsani kuti palibe yapanidwa pa phewa, pakani mankhwala omata mazinga monga Loctite, ndipo mangani nati pa mlingo wa m'buku. Osayerekeza ndi mkono. Mukamanga mopitirira mashimu amapindika, mukamanga moperewera nati imamasuka m'kati.

8. Kubulida, gawo loyamba: kabotolo

Apa ndiye pa ntchito yeniyeni. Thupi la shoko likhale mu vayisi chozondoka, pakamwa pake ndi pa kabotolo poloza m'mwamba. Pansi, pamene ziwirizi zalumikizana, pali njira yopapatiza yodutsa mu valavu ya compression. M'menemo muli tingodya tambiri, ndipo ndi mmene mpweya umakonda kubisala.

Musakhutchumule botolo la oyilo. Thirani m'kabotolo pang'onopang'ono, oyilo azitsetsereka pakhoma, osati kugwa pakati n'kuchita thovu. Mudzamuona akutulukira kuthupi kuja. Phimbani pakamwa pa kabotolo ndi chikhatho n'kudina kangapo kuti oyilo adutse mwamphamvu mu valavu. Pendeketsani shoko uku ndi uku, igogodeni ndi chigwiriro cha sikuludiraiva, kenako isiyeni mphindi 10.

Tsopano onjezerani oyilo m'kabotolo kupitirira theka, n'kulowetsa bladder pang'onopang'ono. Oyilo ayenera kusefukira mbali zonse bladder ikamamira. Akapanda kusefukira, ndiye kuti mwatsekera mpweya pansi pa chivindikiro. Tulutsani, onjezerani oyilo, yambaninso. Oyilo wotayikayo asakupwetekeni mtima, n'chifukwa chake tinagula lita yonse. Kankhirani chivindikiro kupitirira kangalande, ikani sekilipu, bwezerani kamtima ka valavu, n'kupopa ndi kapampu mpaka mabaa 2 kapena 3 mukuyang'ana kuti chivindikiro chikukwera mowongoka n'kukakhala pa sekilipu. Pano mpweya wamba ulibe vuto, tidzautulutsanso. Bladder ikafufuma imadzaza kabotolo ndi kukankhira oyilo ndi mpweya wotsala kuthupi. Suzumirani, muona thovu likukwera.

9. Kubulida, gawo lachiwiri: pisitoni

Musanalowetse shafiti, fufuzani kabowo kamene kali m'mbali mwake pafupi ndi pisitoni, mbali ya seal head. Ndi khomo la njira ya rebound yodutsa m'kati mwa shafiti. Kalowezeni pamtima, chifukwa kuyambira pano mpaka shoko itatsekedwa kabowo kameneka sikayenera kutuluka mu oyilo ngakhale kamodzi. Kakangotuluka kamayamwa mpweya n'kuutumiza pansi pa pisitoni, ndipo zonse munachita zapita pachabe.

Thirani oyilo m'thupi mpaka patsale masentimita 4 kapena 5 kuti adzaze. Kwezani seal head kumtunda kwa shafiti kuti isakusokonezeni, pakani oyilo pa lamba wa pisitoni, n'kuilowetsa pang'onopang'ono. Ikamira, onjezerani oyilo kuti pisitoni ndi kabowo kaja zikhale pansi ndithu.

Lamulo ndi ili: polowa mwamphamvu, potuluka pang'onopang'ono.

Chifukwa cholowera mwamphamvu n'chakuti mukakankha mofatsa, oyilo amangodutsa njira yapafupi ya m'kati mwa shafiti, mashimu osatseguka n'komwe. Pamenepo mpweya wa m'mabowo a pisitoni, pansi pa mashimu, umangokhala phee. Mukhoza kupopa choncho tsiku lonse osaona thovu, n'kumaganiza kuti mwamaliza. Kuti mashimu atseguke pamafunika kudzidzimutsa. Gwirani kunsonga kwa shafiti ndi dzanja limodzi mukukankhira pansi, dzanja linalo ligogode ndi hamala ya labala. Kugogoda kulikonse kumatsegula mashimu kwa kamphindi, ndipo mudzaona thovu lalikulu likutumphuka mozungulira shafiti. Kulungani nsanza pakamwa, oyilo amathovokera kumaso.

Chifukwa chotulukira pang'onopang'ono n'chakuti pano palibe gasi wopanikiza oyilo. Mukakoka msanga, pansi pa pisitoni pamatsala mpata wopanda kanthu, ndipo mpweya umene unasungunuka mu oyilo umatuluka n'kusanduka timathovu tosawerengeka. Mumakhala mukupanga nokha chimene mukufuna kuchotsa. Kokani moti mumve shafiti ikukutsatirani, osati mukulimbana nayo. Maso akhale pa kabowo kaja, ndipo oyilo akatsika onjezerani musanapitirize.

Thovu limabwera m'magulu. Poyamba lalikulu lophulika pamwamba. Kenako laling'ono lokwera motsatizana. Pomaliza timakhala tating'onoting'ono tosaoneka popanda tochi, tokwera mwaulesi. Ambiri amasiyira pa gulu lachiwiri. Unikani chammbali, osati kuchokera pamwamba, ndipo mudzationa tikuyandama pakati pa oyilo.

Oyilo akasanduka woyererako, osaonekanso mpaka pansi, lekani. Kupopa kwina kulikonse kumangoonjezera vuto. Siyani shafiti ili pansi, phimbani pakamwa ndi nsanza yoyera kuti fumbi lisagwere, kachiteni zina kwa mphindi 20 kapena kuposerapo kufikira oyilo aonekenso mpaka pansi. Kukazizira zimatenga nthawi yaitali chifukwa oyilo amalemera. Mukabwerako gogodaninso. Musadabwe kuona thovu lina likutuluka pamene munaganiza kuti latha, linali likusonkhana pansi pa pisitoni nthawi imene munachokapo.

Mwamaliza pokhapokha mutaisiya kupuma, n'kuigogoda mwamphamvu maulendo angapo otsatizana, tochi ili m'manja, osaona kanthu. Kwa ine, ola lathunthu pa gawo lino lokha si kuchedwa.

10. Kubulida, gawo lachitatu: kutseka

Anthu ena amabulida bwino n'kudzalowetsa mpweya pa mphindi yomaliza. Kokani shafiti pang'onopang'ono mpaka ifike pamwamba penipeni pamene kabowo kaja kakadali komira. Dzazani oyilo mpaka pakamwa. Pakani oyilo pa labala wozungulira seal head, n'kuitsitsa mowongoka, oyilo akusefukira, mpaka labalayo alowe m'thupi. Pamenepo idzalimba, siidzafunanso kutsika, chifukwa oyilo alibenso kothawira.

Tsopano, osati kale, dinani valavu ya kabotolo uku mukukankhira seal head pansi. Bladder ikamaphwa imapereka malo, ndipo seal head imatsika kupitirira kangalande. Ngati manja akuchepa itanani wina adzadine valavu. Ikani sekilipu ndipo izungulireni yonse ndi kachitsulo kuti mutsimikize kuti yakhala m'ngalande mbali zonse. Popaninso mabaa 2 kapena 3 mukuyang'ana seal head ikukwera n'kukaima pa sekilipu.

Zolakwika zofala pano ndi ziwiri. Choyamba, kutulutsa mpweya wa m'bladder labala wa seal head asanatseke: bladder imabwerera, oyilo amatsika, mpweya n'kulowa pamwamba. Chachiwiri, kutseka shafiti ili pansi. Ikadzatuluka imasiya malo amene oyilo sangawadzaze, ndipo shoko imakhala ndi pofewa poyambirira. Palinso amene salabadira zofufumitsa bladder pa gawo 8. Iwowa amatsekera oyilo wochuluka, bladder n'kukhala yofinyika kale, gasi n'kusowa malo, shoko n'kumauma ikalowa kwambiri.

Ngati shoko yanu ili ndi pisitoni yoyandama m'kabotolo, kagogodedwe ndi kakokedwe n'komweko, koma pisitoniyo iyenera kuikidwa pa kuya kwake kolembedwa m'buku, ndipo mpweya womaliza umatulukira pa sikulu yobulidira imene muyenera kuiika pamwamba kuposa mbali ina iliyonse. Mashoko a WP anapangidwa poganizira makina oyamwa mpweya ndi kudzaza oyilo okha. Ndi manja zimatheka, koma ngati ndi koyamba, imeneyo ndi bwino kuipereka kwa amene ali ndi makinawo.

11. Gasi

Tulutsani mpweya wa pampu uja, shafiti ikhale yotuluka yonse, n'kuika nayitirojeni. Mashoko ambiri a KYB ndi Showa amafuna pafupifupi mabaa 10, amene pa geji ya psi ndi pakati pa 142 ndi 145, koma nambala ya m'buku lanu ndiyo yolamula. Botolo la nayitirojeni limakhala ndi pulesha yoposa pamenepo kakhumi ndi kupitirira, choncho osalilumikiza popanda regulator, chipangizo chochepetsera pulesha. Tsegulani pang'onopang'ono, nkhope ili kumbali.

Kabotoloka n'kakang'ono kwambiri, moti kampweya kongothawa pochotsa paipi kamatsitsa pulesha kwambiri. N'chifukwa chake pamafunika cholumikizira chimene chimatseka valavu musanachimasule. Mukamaliza musayese "kungoona" ndi geji ya matayala. Kuyezako kokha kumadya gasi amene mukufuna kuyezayo. Ngati mukukayika za valavu, ipakeni madzi a sopo.

Anthu amafunsa ngati mpweya wamba ungagwire ntchito. Mpweya umene timapumawu magawo 78 pa 100 alionse ndi nayitirojeni kale. Vuto lake ndi chinyontho, chimene chimachititsa pulesha kusinthasintha shoko ikatentha. Wa kapampu ka pamanja ungakuyendetseni pongoyembekezera, koma ndi wosakhalitsa. Umene suyenera kuyandikira n'komwe ndi okosijeni wa m'botolo la owotcherera zitsulo. Okosijeni wopanikizidwa akakumana ndi oyilo amaphulika.

12. Yesani musanabwezere sipuling'i

Khomerani chivindikiro chachitsulo chija, kenako imikani shoko pa thabwa n'kuitsamira. Ngati shafiti ndi ya mamilimita 16 ndipo gasi ali pa mabaa 10, pamafunika kulemera kwa makilogalamu pafupifupi 20 kuti iyambe kulowa. Iyenera kulimba kuyambira pa milimita yoyamba, kulowa mosalala mpaka pa labala wa kunsonga, ndi kubwerera yokha mpaka kumapeto osaima panjira. Tsekani rebound n'kuyesanso: ibwerere mochedwa kwambiri moti kusiyana kuoneke ndi maso.

Kamluzu ka oyilo wodutsa m'mabowo n'kabwinobwino. Koma mukamva kufwefwenya kwa thovu, kapena shafiti ikalowa kaye mofewa isanayambe kugwira, muli mpweya. Palibe clicker imene ingakonze zimenezo. Tulutsani gasi, chotsani seal head, bwererani pa gawo 8. N'zowawa, koma n'zopepuka pano kusiyana ndi shoko itakwera kale pa njinga.

13. Bwezerani pa njinga

Mangani sipuling'i pa kutalika munalemba kuja. Ma clicker atsekeni kaye mofatsa, n'kuwatsegula mukuwerenga mpaka pa nambala zakale. Pakani girizi m'mabering'i, mangani mabawuti pa mlingo wa m'buku.

Pomaliza yezani sag, kutsika kwa kumbuyo njinga ikalemedwa. Yezani kuchokera pa ekiselo ya kumbuyo kufika pa malo amodzi a madigadi gudumu likulendewera, kenako yezaninso inu mutakwera ndi zovala zonse zokwerera, wina atakugwirirani njinga. Pa njinga zazikulu za linkage kusiyana kwake kumakhala mamilimita 100 mpaka 105. Njinga ikaima payokha popanda munthu itsike mamilimita 30 mpaka 40. Ikatsika pang'ono kuposa apo mutakonza kale sag ya wokwera, sipuling'i ndi yofewa pa kulemera kwanu, ikatsika kwambiri ndi yolimba.

Mukayenda ulendo woyamba pukutani shafiti. Kamzere ka mafuta koyambako nthawi zambiri ndi ka oyilo wotsalira pansi pa chivindikiro pomanga paja. Yendaninso, n'kuyang'ananso. Kakabweranso kachiwiri ndi kachitatu, silu inachekeka polowa kapena shafiti ili ndi pokanda pamene chikhadabo chinaphonya.